Ndowa Yakhala Chete

Vinjeru anabwera nazo kuchokera ku Joni:
ndowa yoyera ya pulasitiki, chitini cholemera ngati njerwa,
kapaketi ka yisiti, ndi kapaipi kokhotakhota
koima pa chivundikiro ngati khosi la kakowa.
Anati, Malume, mowa wa masiku ano sufuna mbiya,
mungothira madzi n'kudikira.
Lamlungu anakwera basi.

Ndinatsegula chitini chija.
Chimera chake sichinali ufa ayi,
chinali chonanda, chakuda bii, chikutsika mwaulesi
ngati phula lothira pamsewu.
Ndinanyambita chala. Kutsekemera kunalipo,
koma kumbuyo kwake kafungo ka msomali wadzimbiri.
Ndinati mwina ndi mmene balere amakomera.
Ndani ku Zolozolo kuno analawapo balere?

Masiku awiri oyamba ndowa inkayankhula.
Bwu. Kenako bwu.
Ndinkadzuka usiku kukaimvera kuseri kwa chitseko,
mayi a kunyumba n'kumati,
Mwana wathu woyamba simunamudzukire chonchi.

Tsiku lachitatu, zii.

Juni wa ku Mzuzu mukumudziwa:
mawawa osatha, nkhungu yotsika ku Kaning'ina
kudzalowa mpaka m'thumba la jekete.
Kagalasi koyezera ndinakaviika m'mawa, ndinakaviika madzulo,
kakuima pa mzere womwewo,
minibasi ya padepoti yodikira munthu mmodzi kuti idzaze.

Ndinaigwedeza ndowa. Ndinainyengerera.
Ndinaifunditsa bulangete lathu lolemera lija,
ife n'kugona mawondo kuchibwano.
Ndinaisendeza kufupi ndi mbaula,
osati kwambiri, poti pepala linati yisiti ndi wamoyo,
moto umamupha, chisanu chimamukomola,
ngati ife tomwe.

NyaLuhanga wa kuseri kwa mpanda,
amene masese ake amayendetsa akabaza pansi, njinga ali chikankhire,
analowa kudzabwereka sefa.
Ananunkhiza, anaviika chala, anakwinya mphuno.
Anati, Chimera changa ndimachiona chikumera,
ndimachiyanika ndekha, nkhuku ndimapirikitsa ndekha.
Chanuchi anayanika ndani?
Anatola chitini chopanda kanthu, nachitembenuza.
Pansi pake panali timanambala tofufutika:
chinatha ntchito chaka chimene Vinjeru anakwatira.
Mwana wake pano akuthamanga.

Sindinamuimbire foni.
Mnyamatayo anachifukata pamiyendo masiku atatu,
malire atatu, apolisi akuchigwedeza pafupi ndi khutu.
Ndimuuze chiyani?
Atandifunsa pa uthenga ndinangoyankha kuti, Ukubwera.

Anzanga amene tinkadula nawo mapaini ku Chikangawa
anadutsa Loweruka, makapu ali m'manja mwa malaya.
Wapsa?
Ndinawapatsa tiyi.
A Kumwenda anamwa mwaulemu, akuyang'ana ndowa yofunda bulangete,
nati, Odwalawa anagona bwanji?

Dzulo ndagula yisiti wina, wa buledi, wa pagolosale.
Ndamudzutsa m'kapu ya madzi ofunda ndi kasupuni ka shuga
mpaka thovu latukumuka, lataikira patebulo.
Ndamuthira pang'onopang'ono,
monga ulowetsa mlendo m'nyumba ya maliro.
Kuzungulira ndowa ndayika mabotolo anayi a madzi otentha.
Zina zonse si zanga.
Mwina shuga wotsalayo ndi wokalamba, sadyeka.
Mwina ndidzamwa madzi otsekemera malita makumi awiri
n'kumawatcha mowa chifukwa cha mphwanga.

Tsopano ndi usiku. Magetsi azima.
Mawawa akunong'ona pa malata,
galu wa kwa aneba wauwa kawiri, wasiya.
Ndakhala pa mpando, khutu pa chivundikiro,
ndabanika mpweya.

Bwu.

Ndaimirira. Ndati, Mwamva?
Kuchipinda mawu akubwera, olemera ndi tulo:
Ndi mimba yanu imeneyo.
Bwerani mudzagone,
ndipo bulangetelo mubwere nalo.